Ntchito yanu imagona kuti kompyuta ikazimitsidwa?

  Moni wanga wapadera lero ukupita ku Kaseye, kumene kuli mishoni ya Akatolika, sukulu ya atsikana ya Kaseye Girls ndiponso chipatala. Abale anga a ku Chitipa, mwaghona.

Ndabwera ndi funso limodzi. Mukalemba kanthu pa kompyuta ya kusukulu kapena ya kuntchito, n'kudina kuti kasungike, kanthuko kamakagona kuti? Ndibwerezenso. Mukazimitsa kompyuta n'kupita kwanu, ntchito yanu mwaisiya m'manja mwa yani?

Ndiyambe ndi zimene zinaoneka pabanja pathu.

Mlongo wanga ali ndi mnyamata amene ankaphunzira Computer Studies ali Fomu 3, pa sukulu ina ya m'boma lina. Dzina la sukuluyo tilisiye. Aphunzitsi anawapatsa ntchito yokonzekera mayeso ochita ndi manja. Mnyamatayo anailimbikira kwa milungu itatu. Ankakonda kompyuta ya pafupi ndi windo, chifukwa kiyibodi yake inali ndi mabatani onse. Belu likangolira ankathamanga kuti anzake asamulande malo. Bwanji ankathamanga? Chifukwa ntchito yake inali m'mimba mwa kompyuta imeneyo basi. Akakhala pa ina, ankapeza mbuu.

Lolemba lina anafika n'kupeza kompyutayo ili yoyera ngati yatsopano. Inali italowa vayirasi, ndiye mkulu woyang'anira labu anaifomata Loweruka. Mnyamata uja sanataye mtima. Anali ndi fulashi m'thumba la malaya. Ataizika, mayina a mafayilo ake anaoneka onse, koma lililonse lili ndi kamuvi kakang'ono pangodya. Akadina, silitseguka. Vayirasi yomweyo inali italowanso mu fulashi. Madzulo anandiimbira foni. Mawu ake sindidzawaiwala. Anangoti, "Amalume, zonse zapita."

Madzi akatayika saoleka. Anayambiranso.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukugwedeza mutu. Zinakuchitikirani. Kalaliki amene analemba lipoti la mwezi pa kompyuta ya mnzake, mnzakeyo n'kupita kutchuthi ndi kiyi wa ofesi. Mphunzitsi amene anasiya mayeso a kumapeto a teremu pa kompyuta imene ana amagwiritsanso ntchito. Namwino amene ali ndi mafayilo atatu a dzina limodzi pa makompyuta atatu, osadziwa kuti lomaliza ndi liti. Vuto lake ndi limodzi. Ntchito ikutsatira makina, pamene imayenera kutsatira mwini wake.

Tsono tiyeni tione njira yake.

Ndikufunseni za ndalama. Muli ndi ndalama ku Mpamba kapena ku Airtel Money. Foni yanu yagwera m'madzi powoloka mtsinje. Kodi ndalamazo zanyowa? Ayi. Mumagula foni ina, mumabwezeretsa nambala yanu, mumalemba nambala yachinsinsi, ndalama zija zili phee. Chifukwa chiyani? Chifukwa sizinali m'foni. Zinali m'makina a kampani. Foni inali khomo chabe lolowera.

Zomwezi zimatheka m'labu ya sukulu, mu ofesi ya chipatala ndi mu ofesi ya parishi. Mumasankha kompyuta imodzi kuti ikhale nyumba yosungiramo zinthu za onse. Kompyuta imeneyo imatchedwa seva. Tisasokonezeke apa. Ana athu akamati kuseva amatanthauza kusunga fayilo. Seva imene ndikunena ine ndi makina. Makompyuta ena onse amalumikizidwa kwa iyo ndi mawaya, kudzera pa kabokosi kotchedwa switch. Munthu aliyense amapatsidwa dzina lake lolowera ndi pasiwedi yake. Ndipo pa seva paja amapatsidwa foda yakeyake. Akatswiri amaitcha home folder, kunena kuti foda yakwanu.

Taganizirani nyumba imodzi, m'kati mwake muli mabokosi ambiri, lililonse ndi loko wake ndi dzina la mwini wake. Mtsikana wa Fomu 2 akhala pa kompyuta ya kutsogolo lero. Alemba dzina lake ndi pasiwedi. Bokosi lake latseguka. Mawa apeza malo aja pali mnzake, akhala pa ya kumbuyo. Alemba dzina lomwelo ndi pasiwedi yomweyo. Bokosi lomwe lija latseguka, ntchito ili pamene anaisiyira. Pa makompyuta a Windows fodayo kawirikawiri imaoneka ndi chilembo chake, ambiri amaipatsa H. Palibenso kuthamangira windo. Palibenso kulimbirana mpando. Kompyuta ina ikafa, muitenge, muifomate, muisinthe, ntchito ya mwana sinakhudzidwe.

Mvetsetsani mfundo iyi, omvera. Ntchito ikutsatira munthu. Sikutsatiranso makina.

Apa wina anena kuti, ifetu kuno netiweki imavuta, bandulo ndi yodula. Ndakumvani. Koma ndikutsimikizireni kuti zimenezi sizifuna intaneti. Ndibwereze, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Sizifuna intaneti. Sizidya bandulo. Mafayilo akungoyenda m'waya kuchoka pa tebulo kupita pangodya ya chipinda chomwecho. Kaya nsanja ya foni yazima, kaya mvula yawononga msewu wa ku boma, labu ikugwirabe ntchito. Kwa malo ngati Kaseye, kutali ndi Mzuzu, kutali ndi Lilongwe, ubwino waukulu ndi umenewu.

Wina anenanso kuti, seva ndi ya mabanki ndi maunduna, ife tiipeza kuti? Sevatu si chinthu chamatsenga. Kwa labu ya sukulu, kompyuta wamba yolimba, yokhala ndi disiki yabwino, ikhoza kusenza udindo umenewu. Amene ali ndi ndalama amagula Windows Server, imene imafuna laisensi. Amene alibe amaika Linux ndi pulogalamu yotchedwa Samba. Samba ndi yaulere. Anaiyamba ndi Andrew Tridgell ku Australia m'chaka cha 1992, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito m'masukulu ndi m'maofesi padziko lonse. Choncho nzeru imeneyi si yachilendo. Ndi yakale, yoyesedwa.

Ngakhale kuno kwathu si yachilendo. Munaonapo kachomata kokhala ndi mizeremizere kamene amamata pa buku lanu la kuchipatala? Ntchito imeneyo anaiyamba a Baobab Health ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, m'chaka cha 2001. Wogwira ntchito amadina pa galasi la kompyuta m'chipinda chake, koma mbiri ya wodwala imakasungidwa pa seva ya pachipatalapo. Wodwala akapita chipinda china, mbiri yake imamutsogolera. Ndipo a Baobab Health anadziwa msanga za magetsi athu, n'chifukwa chake makina awo anawaikira mabatire. Ngati zinatheka ndi mbiri ya odwala, zingalephereke ndi ntchito ya ana asukulu?

Tisanachoke apa, pali kamsampha kena kamene ndikufuna aphunzitsi a makompyuta akamve. Mwaika seva. Mwapatsa mwana aliyense foda yake. Koma mwana akamasunga fayilo, dzanja lake linazolowera kuponya pa Desktop kapena mu Documents. Malo awiri amenewa, mukapanda kuwakonza, ali m'kompyuta yomwe wakhalapoyo. Sali pa seva. Mwana adzaganiza kuti wasunga m'bokosi lake, pamene wasiya pabwalo. Kumulalatira sikuthandiza. Konzani makina kuti Desktop ndi Documents ziziloza ku seva zokha. Njira yake ilipo, pa Windows amaitcha folder redirection. Mwana aponye pamene anazolowera, fayilo igwere m'bokosi lake.

Palinso njira ina imene imakopa, yotchedwa roaming profile. Imeneyi imanyamula zonse za munthu, ngakhale chithunzi chimene anaika kumaso kwa kompyuta, kuzikoka kuchoka pa seva polowa ndi kuzibweza potuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kalasi yonse ikalowa nthawi imodzi, waya umadzaza, ana ali ndwii kudikira, piriyodi ikutha. Ine ndimati m'labu ya sukulu musaitsate. Lozetsani mafoda okha, zikwanira. Ndipo aliyense mumuikire malire a malo. Mukapanda kutero, ana awiri atatu adzadzaza disiki yonse ndi nyimbo ndi mafilimu, anzawo n'kusowa poika ntchito.

Tsopano tifike pa mbali imene ndikufuna tikhalepo nthawi. Walira mvula walira matope.

Kale chimanga chinali m'matumba, thumba lili m'nyumba iyi, lina m'nyumba iyo. Nyumba imodzi ikapsa, lapita ndi thumba limodzi. Lero mwathira chimanga cha mudzi wonse m'nkhokwe imodzi. Nkhokweyo ikapsa, walira ndi mudzi wonse. Seva ndi nkhokwe yotero. Amene wasonkhanitsa ntchito za anthu pamalo amodzi wasenza udindo. Ndipo ine sindingalangize sukulu iliyonse kuti igule seva ngati sinakonzeke kusenza udindo umenewu.

Mukukumbukira za mapasipoti? Mu February 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo akufuna dipo. Kwa milungu ingapo mapasipoti sanasindikizidwe. Ofuna kupita kusukulu kunja, ofuna kukagwira ntchito, ochita malonda, onse anaima. Makina a pakati akadwala, aliyense amadwala nawo. Ngati zinagwera nthambi ya boma, kasukulu kathu n'kandani?

Ndiye titani? Choyamba ndi kope lachiwiri, limene anzathu amati backup. Gulani disiki yapadera, ija yozika ndi kachingwe. Lachisanu lililonse koperani mafoda onse. Mukatha, izuleni. Ndikubwereza, izuleni. Disiki imene imagona yozikidwa pa seva si chitetezo. Vayirasi ikalowa idya zonse ziwiri. Mphezi ikagwa iotcha zonse ziwiri. Wakuba akathyola chitseko anyamula zonse ziwiri. Itengeni mukaisunge m'nyumba ina, kaya mu ofesi ya ahedi, kaya m'kabati ya kiyi ya msungichuma. Ndipo kamodzi pa teremu, yesani. Sankhani fayilo imodzi, muibweze kuchoka pa disikiyo, muitsegule, muione ndi maso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kope limene simunaliyese musalidalire.

Wogulitsa wina adzakuuzani kuti seva yake ili ndi madisiki awiri m'kati, imodzi imatengera inzake, ndiye backup n'njosafunika. Musavomere. Madisiki awiriwo amathandiza imodzi ikafa. Koma mwana akafufuta fayilo molakwitsa, yafufutika pa onse awiri nthawi yomweyo.

Chachiwiri ndi magetsi. Apa sindichedwapo, mukudziwa bwino kuposa ine. Magetsi akazima seva ili m'kati molemba, mafayilo amaonongeka. Seva ikhale ndi UPS, kabatire kaja kamene kamalira magetsi akathima. Ntchito yake si kuyendetsa labu tsiku lonse. Ndi kukupatsani mphindi zoti muzimitse mwaulemu. Kumene kuli sola, seva ikhale yoyamba kulandira moto. Mitambo ikada ndipo ziphaliwali zikayamba, zimitsani, zulani kukhoma. Fumbi la mwezi wa October lipukuteni. Mawaya muwadutsitse m'mapaipi, chifukwa makoswe amawatafuna.

Chachitatu, ndipo kwa ine ndiye chachikulu, ndi kiyi.

Seva ili ndi pasiwedi yaikulu, imene imatsegula bokosi lililonse. Funso n'lakuti, ili ndi yani? Kawirikawiri imakhala m'mutu mwa mphunzitsi mmodzi, mnyamata wachangu amene anamanga zonse ndi manja ake, madzulo ndi Loweruka, popanda womulipira. Timuyamike. Koma tsiku lina kalata yabwera, wasamutsidwa. Kapena wapita kukawonjezera maphunziro. Kapena wadwala. Seva ili apo, ikulira bwinobwino, koma palibe angalembetse ana a Fomu 1, palibe angathandize mwana amene waiwala pasiwedi. Pakutha pa chaka, aiphimba nsalu. Zoterezi zimandipweteka mtima, chifukwa makina sanafe. Chasowa ndi mawu ochepa amene akanalembedwa papepala.

Amayi a banki mkhonde anatiphunzitsa kale. Bokosi lawo la ndalama limakhala ndi maloko atatu. Makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo wosunga bokosi ndi wina. Palibe amatsegula yekha. Palibe amachoka ndi gulu lonse m'thumba. Mutu umodzi susenza denga. Pa seva pakhale anthu awiri odziwa ntchitoyo. Pasiwedi yaikulu ilembedwe, iikidwe mu envelopu yomata, isungidwe kwa mkulu wa sukulu kapena wa chipatala. Pakhalenso kabuku kofotokoza mmene zinthu zinamangidwira. Wina akachoka, pasiwedi isinthidwe tsiku lomwelo.

Kiyi alinso ndi mbali ina. Amene ali naye akhoza kuona za aliyense. Akhoza kusintha. Akhoza kufufuta. Mu 2013 dziko lino linagwedezeka ndi Cashgate. Ofufuza anapeza kuti ena amene anali ndi mwayi wolowa m'makina a zachuma a boma, a IFMIS, ankalemba malipiro abodza kenako n'kufufuta mapazi awo. Kiyi wamkulu m'manja olakwika ndi zimenezo.

Pa sukulu nkhani si ya mamiliyoni, koma ndi ya ulemu wa mwana. Mtsikana akhoza kulemba m'foda yake kalata ya kwa mayi ake, kapena ya kwa amene amamulipirira fizi, yofotokoza umphawi wa kwawo. Mnzake wa pa benchi asaione. Choncho mukamanga mafoda, yesani. Lowani ndi dzina la mwana mmodzi, muyese kutsegula foda ya mnzake. Ikatseguka, ntchito simunaimalize. Mafoda a aphunzitsi, mmene muli mayeso ndi malikisi, akhale patali ndithu ndi a ana. Ndipo ana auzidwe chilungamo kuyambira tsiku loyamba, kuti woyang'anira seva ali ndi mphamvu yotsegula, ndipo adzatsegula pokhapokha pali chifukwa, ahedi akudziwa. Ku chipatala nkhaniyi ndiyolemera koposa, chifukwa matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, la Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limaliyang'anira. Kusuzumira m'foda ya munthu popanda chifukwa si chibwana ayi.

Inunso ana anga, pasiwedi ndi ngati mswachi. Sabwerekana. Mukatha ntchito, tulukani m'kompyuta musanadzuke pampando. Mukasiya bokosi lotsegula, wobwera pambuyo panu adzalemba m'dzina lanu, ndipo mlandu udzakhala wanu.

Nanga a Fomu 4 akamaliza mayeso a MANEB? Apatseni tsiku loti atenge ntchito zawo. Ndi thukuta lawo. Mwina muli kalata yofunsira ntchito, mwina muli ndakatulo zimene mwana analemba yekha. Akatenga, tsekani mayina awo, malo apite kwa a Fomu 1.

Ndisanatsanzike, mawu anga apite kwa inu amene mumapereka. Mabungwe, ophunzira akale a sukulu zathu, ana a ku Chitipa amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg. Mukamasonkha kuti mugulire sukulu ya kwanu makompyuta, timathokoza. Koma makompyuta makumi awiri osalumikizana ndi mabokosi makumi awiri opanda loko. Chotsanipo imodzi ikhale seva. Onjezani switch, mawaya, UPS ndi disiki yapadera. Lipirirani aphunzitsi awiri kuti akaphunzire kuiyendetsa. Zinthu zimenezi sizioneka bwino pa chithunzi cha tsiku lopereka mphatso, koma ndi zimene zidzachititse kuti labuyo ikhale ikugwirabe ntchito zaka zikubwerazi.

Ndipo inu ahedi, inu a komiti ya makolo, inu oyang'anira chipatala, ku Kaseye, ku Misuku, ku Kameme, ku Nthalire ndi kwina konse, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Lolemba likubwerali, lowani m'chipinda cha makompyuta. Muitane amene amachiyang'anira. Mulozereni kompyuta imodzi, iliyonse, n'kumufunsa kuti, iyi ikafa lero, ntchito ya yani ipite nayo? Kenako mumufunse kuti kope lachiwiri lili kuti, ndipo pasiwedi yaikulu akuidziwa ndi yaninso. Musamufunse mokalipa. Mumve zimene akusowa, muzilembe, mupite nazo ku msonkhano wa bajeti.